Anandiimbira n'kutchula dzina langa lonse ndi la mwana wanga: kodi anazitenga kuti?

"Zikomo akatswiri. Ndine mayi wa ana atatu, ndimagulitsa kaunjika mumsika wina kuno ku Blantyre. Lachiwiri lapitali, cha m'ma 10 koloko m'mawa, anandiimbira bambo wina wolankhula mwaulemu kwambiri. Ananditchula dzina langa lonse, ngakhale lapakati limene amalidziwa achibale okha. Anati ndi mphunzitsi wa kusukulu kumene mwana wanga wamkazi akuchita Fomu 2, anatchula dzina la mwanayo ndi la sukulu, n'kunena kuti wakomoka pa asembule, ali naye kuchipatala, ndipo pakufunika K85,000 ya mankhwala msangamsanga. Ndinathamangira kwa ejenti, koma mtsikana wa pamenepo ndiye anandigwira mkono kuti ndiyambe ndaimbira kusukulu. Mwana anali m'kalasi ali bwinobwino. Chichokereni tsikulo tulo sindikutiona. Kodi munthuyu anathyola foni yanga? Kodi akumamva zimene ndimalankhula? Achimwene anga akuti ndisinthe nambala ndi kutseka Facebook, koma makasitomala anga onse amandipeza pa nambala yomweyi. Ndithandizeni." Mayi wodandaula, Blantyre.

Mayi, pepani kwambiri ndi zimene zinakuonekerani. Chachikulu n'chakuti mwana ali bwino, ndalama nazo sizinapite. Mtsikana wa kwa ejenti uja mukamuthokoze, chifukwa chimene anachita ndicho ine ndimalalikira tsiku ndi tsiku. Ndagwira ntchito yosamalira makompyuta ndi mafoni a m'maofesi kwa zaka zoposa 15, ndipo masiku ano nthawi yambiri ndimathera pophunzitsa magulu a banki m'khonde. Nkhani ngati yanuyi ndimaipeza pafupifupi paliponse pamene ndafika, imangosintha malaya. Kwina ndi mwana wakomoka, kwina ndi katundu wa m'bale wa ku Joni wagwidwa pachipata cha Mwanza, kwina ndi uja amalira kuti watumiza ndalama molakwika mumubwezere.

Ndiyambe ndi chimene chikukusowetsani tulo. Sindikukhulupirira kuti foni yanu inathyoledwa, kapena kuti pali wina amene amatchera khutu mukamalankhula. Taganizani, mbala imene yalowa kale m'nyumba siyimanso panja n'kumagogoda kuti muipatsire katundu pawindo. Bamboyo akanakhala kuti foni yanu ili m'manja mwake, akanasamutsa ndalamazo mwakachetechete inu muli kalikiliki ndi makasitomala. Anaimba chifukwa kiyi analibe. Chimene anali nacho ndi mayina atatu basi, lanu, la mwana ndi la sukulu. Ntchito yotsalayo amadalira kuti mantha a kholo amugwirira. N'chifukwa chake amasankha nthawi imene mwana ali m'kalasi alibe foni, ndipo salola kuti mudule. Apolisi anenapo kangapo kuti ena mwa oimba mafoni oterewa amakhala akaidi ali m'ndende, anthu amene ali ndi tsiku lonse loyesera nambala imodzi ndi imodzi mpaka wina akodwe.

Nanga mayinawo anawatola kuti? Tabwererani m'mbuyo pang'ono, nthawi imene mwanayu anasankhidwa kupita kusekondale. Kodi simunaike chithunzi chake pa Facebook atavala yunifolomu, baji ya sukulu ikuoneka pachifuwa? Makolo ambiri timatero, ine ndemwe ndinachitapo. Pansi pa chithunzicho azakhali ake analemba mawu oyamikira, akukutchulani dzina lija la kumudzi. Pa tsamba lomwelo pali madiresi ndi nsapato zimene mukugulitsa, nambala yanu ili pansi pake. Apa kathyali safunika kudziwa makompyuta. Amangofunika bandulo ya tsiku limodzi ndi mtima wodekha.

Khomo lina, limene ndikulikayikira kwambiri pa nkhani yanuyi, ndi gulu la WhatsApp la makolo. Linki yolowera m'magulu amenewa imazungulira ngati mbale ya chopereka, ndipo aliyense amene walowa amaona manambala a anthu onse. Kenako makolo eni ake amayamba kuponyamo zithunzi za malisiti a kubanki pofuna kuonetsa kuti fizi alipira. Pa lisitilo pali dzina la mwana, kalasi yake, dzina la sukulu ndi la amene anakalipira, ndipo nambala ya amene waponya ili pamwamba pomwepo. Munthu wachilendo atakhala chete m'gulumo teremu imodzi amatuluka ndi kaundula wa sukulu yonse.

Koma musaganize kuti zonse zimatulukira pa intaneti. Chaka china ndinagula mtedza wokazinga pa depoti ya mabasi, mnyamata n'kundikulungira m'kapepala kopinda ngati fanulo. Nditamaliza kutafuna ndinakafunyulula kuti ndipukutire m'manja. Inali fomu yofunsira ngongole ya mayi wina: dzina lake, mudzi, mfumu yaikulu, nambala ya chitupa, nambala ya foni, dzina la mwamuna wake, ndalama zimene amapeza pamwezi, ndi siginecha pansi. Zikuoneka kuti ofesi ina inasesa m'makabati n'kugulitsa mapepala akale kwa okulungira malonda. Pepalalo ndinalisunga, ndimalionetsa ndikamaphunzitsa nditaphimba dzina, mafuta a mtedza akuonekabe pakona. Onjezanipo buku la alendo limene timalembamo pageti la ofesi uku tikuwerenga mayina ndi manambala a onse amene abwera tisanafike, kope la ejenti limene limakhala chitsegulire pa kauntala, ndi katoni ya mapepala olakwika pansi pa makina a fotokope. Komanso munthu akakhala ndi nambala yanu, amangoyerekeza ngati akukutumizirani ndalama, foni n'kumuuza dzina limene munalembetsa, iye n'kusiyira pomwepo. Palinso ma app ngati Truecaller, amene amasonkhanitsa mayina kuchokera m'mafoni a anthu, moti dzina limene mnzanu anakusungani nalo likhoza kuonekera kwa munthu amene simunakumanepo naye.

Ngakhale akuluakulu amene ali ndi makina amphamvu amabooledwa. Mu April 2021, manambala a foni ndi mayina a anthu oposa 500 miliyoni a pa Facebook anamwazidwa pa intaneti kwaulere. Kuno kwathu, mu February 2024, Pulezidenti wa nthawi imeneyo, Lazarus Chakwera, anauza Nyumba ya Malamulo kuti akuba a pa intaneti alowa m'makina a nthambi yoona za anthu olowa ndi kutuluka m'dziko ndipo akufuna dipo, ntchito yosindikiza mapasipoti n'kuima kwa milungu ingapo. Ndikunena izi kuti musadziimbe mlandu mopitirira. Zina zimatuluka inu musanalakwitse kanthu.

Tsono madzi akatayika saoleka. Dzina lanu ndi nambala yanu zili kale kunja, ndipo kwa munthu wa geni ngati inu n'koyenera kuti zikhale kunja. Chimene ndikufuna kuti musinthe ndi kaganizidwe aka: masiku ano munthu kukudziwani dzina si umboni wakuti ndi mnansi. Mukatsegula belo mumasankha, izi zoyala pansi aliyense agwire, izi zopachika zofuna munthu afunse kaye, izi zobisa m'chikwama. Zokhudza moyo wanu muzisankhenso chimodzimodzi. Zoyala pansi ndi dzina, nambala ya malonda ndi pamene pali benchi yanu. Zopachika, zimene mupereke pokhapokha mukudziwa amene akufuna ndi chifukwa chake, ndi nambala ya chitupa, tsiku lobadwa, mudzi ndi mfumu yanu, sukulu za ana, ndalama zimene zatsala mu akaunti ndi zimene mwatumiza komaliza. Zobisa m'chikwama ndi zitatu zokha: PIN, pasiwedi, ndi manambala aja amabwera pa meseji mukamalowa mu akaunti. Izi sapatsa munthu, kaya akuti ndi wa kubanki, wa kukampani ya mafoni, wapolisi kapena abusa. Wantchito weniweni wa kampani safuna PIN yanu, ntchito yake amaigwira popanda iyo. Mulu wapakatiwo ndi umene anthu amaupeputsa, chonsecho mafunso amene kampani imafunsa pofuna kutsimikiza kuti ndinu mwini nambala amachokera mmenemo. Munthu akakuimbirani n'kumati "tikukonza akaunti yanu, tangotiuzani ndalama zimene munatumiza komaliza", dziwani kuti akusonkhanitsa mayankho a mayeso amene akufuna akalembe m'dzina lanu.

Malangizo a achimwene anu osintha nambala ndikuwakana, ngakhale ndikudziwa kuti akunena mokufunirani zabwino. Nambala yatsopano idzakhala pa zithunzi za malonda sabata yomweyo, ndiye mwapindulanji? Choopsa n'chakuti nambala ikakhala miyezi osagwira ntchito, kampani imaigulitsanso kwa munthu wina. Ngati Facebook, WhatsApp kapena akaunti ya kubanki zinali zomangirira pa nambala yakaleyo, mameseji anu achinsinsi azipita kwa mwini watsopanoyo. Ndaonapo mnyamata atagula simukhadi yatsopano n'kumalandira uthenga wa malipiro a munthu wina mwezi ndi mwezi. Ngati mukufuna kusintha kanthu, gulani simukhadi yachiwiri imene simudzailemba paliponse, ikhale ya kubanki ndi yosungirako ndalama. Makasitomala azilipirabe pa nambala yodziwikayo, koma madzulo alionse muzisamutsa zimene zalowa, pasamagone ndalama zambiri.

Simukhadi ndiyo kiyi wa zonse, ndiye tiikhalire pansi. Kuyambira mu 2018 bungwe la MACRA, loyang'anira makampani a mafoni ndi mawailesi, linalamula kuti nambala iliyonse ilembetsedwe, ndipo chimene chimagwira ntchito kwambiri polembetsa ndi chitupa cha unzika chimene bungwe la NRB linayamba kupereka pa kalembera wa 2017. Funso langa n'lakuti, nambala yanuyi ili m'dzina la ndani? Amayi ambiri amene ndimakumana nawo nambala zawo zinalembetsedwa ndi chitupa cha mwamuna, cha mlongo wawo, pena cha mnyamata amene anawagulitsa simukhadiyo pamsewu. Zikatero, pamaso pa kampani mwini nambala ndi winayo. Tsiku limene banja lasokonekera, iye akhoza kukatenga simukhadi ina ya nambala yomweyo, yanu n'kuzima. Pitani ku shopu ya kampani ndi chitupa chanu mukatsimikize, ndipo mukafunsenso ngati pali manambala ena amene analembetsedwa m'dzina lanu inu osadziwa. Akathyali sagwiritsa ntchito mayina awo. Apolisi akatsata nambala yobera anthu, kawirikawiri amakapeza gogo wa kumudzi amene chitupa chake chinajambulidwa ndi wina.

Chizindikiro chakuti nambala yanu yalandidwa n'chakuti netiweki imachoka mwadzidzidzi pamene anzanu a kampani yomweyo ali nayo, ndipo ngakhale muzimitse foni n'kuyatsanso siibwerera. Zikatero musadikire kuti kuche. Bwerekani foni muimbire kampani ndi banki kuti atseke. Chinanso chimene anthu ambiri sadziwa n'chakuti loko wa pa sikirini sateteza simukhadi. Wakuba amangoitulutsa n'kuiika m'kafoni ka mabatani, mameseji anu onse n'kumafikira iye. Simukhadi ili ndi loko wakewake, mumupeza mu Settings pa mbali ya Security, pamene alemba SIM lock. Koma musanayambe, pezani kaye nambala ya PUK, yotsegulira simukhadi ikatsekeka, imene imakhala pa kakhadi kamene munathyolapo simukhadi kapena kukampani, chifukwa mukalakwitsa PIN katatu simukhadi imatsekeka, ndipo mukalakwitsa PUK maulendo 10 imaferatu.

Za PIN ya Mpamba kapena Airtel Money, ndikaima kutsogolo kwa gulu n'kunena kuti "amene PIN yake ndi chaka chobadwa asakweze mkono, angomwetulira", theka la gulu limaseka. Chaka chobadwacho chalembedwa pa chitupa, chitupacho chili m'kachikwama kamodzi ndi foni. Wotola kachikwamako watola nyumba ndi kiyi womwe. Chaka chobadwa mwana woyamba, manambala anayi omaliza a foni yanu, 1234 ndi 0000, zonsezi ndi zimene wakuba amayamba kuyesa. Sankhani manambala amene sanalembedwe paliponse, ndipo a kubanki asafanane ndi a pafoni. Kwa ejenti muzilemba nokha, mutatembenuza foni. Zimandiwawa ndikaona gogo akupereka foni n'kutchula PIN mokweza pamzere wa anthu. Ndinenenso chimene ambiri safuna kumva: ndalama zambiri zimene ndafufuzapo kuti zasowa bwanji pafoni sizinapite kutali. Anali mwana wa m'nyumba momwemo amene anatumidwa kamodzi kugula mayunitsi a magetsi, PIN n'kuisunga m'mutu, kenako n'kumabetchera mpira usiku mayi ali mtulo, mameseji n'kufufuta. Khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndiye ndi bwino asafikepo n'komwe. Mukatuma mwana ndi PIN, isintheni tsiku lomwelo.

Ndipo wina akadzati wakutumizirani ndalama molakwika, musakhulupirire meseji. Meseji yabodza nthawi zambiri imachokera pa nambala wamba, ngakhale mawu ake afanane ndi a kampani. Onani nokha ndalama zanu pa *211# kapena *444#. Ngati zalowadi, muuzeni aimbire kampani ibweze yokha.

WhatsApp amaiba mosavuta kuposa mmene anthu amaganizira. Mnzanu wa kutchalitchi amakulemberani kuti "ndakutumizira manambala 6 molakwika, tanditumizire". Amene akulembayo si mnzanuyo, akaunti yake inabedwa kale, ndipo manambalawo ndi a WhatsApp yanu. Mukangotumiza, mwatulutsidwa, wakubayo n'kuyamba kupempha ndalama kwa abale anu onse m'dzina lanu. Mankhwala ake ndi a mphindi ziwiri: lowani mu Settings, Account, kenako Two-step verification, muike PIN ya manambala 6 yodziwa inu nokha. Mukatero, lowaninso pa Linked devices. Ngati pali kompyuta kapena foni imene simukuidziwa, ichotseni. Apa ndi pamene pamagona yankho la funso lanu lija lakuti kodi wina akuwerenga zanga. Mauthenga a WhatsApp amayenda otsekedwa kuchokera pafoni yanu kukafika ya mnzanu, moti wapanjira sangawawerenge. Koma munthu amene anagwirapo foni yanu kwa mphindi imodzi ili yotsegula akhoza kuilumikiza ku makina ake n'kumaona zonse ali kwawo. Ochita zimenezi nthawi zambiri ndi amuna ansanje, akazi ansanje, ndi anzathu a pamsika obwereka foni kuti "ndingoimbako kamodzi". Zikadzachitika kuti akaunti yabedwa, lowaninso ndi nambala yanu, meseji ya manambala 6 ikabwera wakubayo amatulutsidwa. Ngati iye anaikamo PIN yake, mudikira masiku 7.

Facebook musatseke, ndi msika wanu. Ingoisesani. Chotsani tsiku lobadwa, bisani mndandanda wa anzanu kuti asauone aliyense, ndipo zithunzi za banja zikhale za Friends osati Public. Pali malo otchedwa Limit past posts amene amabisa zakale zonse nthawi imodzi. Malonda atsegulireni tsamba lawolawo, losiyana ndi la banja. Pa za ana ndine wouma mtima pang'ono: yunifolomu, lipoti la mayeso, chikalata chobadwira, geti la sukulu, izi zisamapite pa intaneti. Kunyadira mwana n'kwabwino, koma agogo ake mukhoza kuwatumizira paokha. Chimodzimodzi kulengeza kuti banja lonse lanyamuka kupita kumaliro kumudzi ndipo libwera Lamlungu. Anthu ena amawerenga kuti nyumba ili yokha mpaka Lamlungu.

Chitupa chikafunika fotokope, lembani ndi bolopeni modutsa pa kopeyo kuti ndi ya ntchito yanji, yopita kuti, ndi tsiku lake, mwachitsanzo kuti ndi yotsegulira akaunti kubanki yakuti pa tsiku lakuti. Mulembe mosaphimba nkhope ndi manambala, koma moti wina sangadule mawuwo. Kope yotero ndi yovuta kukaigwiritsa ntchito kwina. Mapepala amene alakwika pa makina atengeni, ndi anu, ngakhale akulipiritseni. Ngati anachijambulira pa kompyuta, imani pomwepo mpaka afufute. Ndipo chithunzi cha chitupa musatumize pa WhatsApp kwa munthu wolonjeza ntchito, ngongole, kapena amene akuti akulemba mayina a Mtukula Pakhomo kapena a feteleza wotsika mtengo. Boma sililemba anthu kudzera pa linki imene imati "tumizani kwa anzanu 10 kuti mulandire". Chitupa chikatayika, kanenani kupolisi mutenge lipoti, ndilo lidzakuwomboleni wina akadzapalamula nacho.

Kwa okonza mafoni ndiko kumene kwachokera misozi yambiri imene ndaiona, makamaka ya atsikana ndi amayi. Ambiri mwa anyamatawa ndi okhulupirika, koma simungadziwe amene akhale ndi foni yanu usiku wonse. Musanaisiye, tulutsani simukhadi ndi memore khadi. Akapempha nambala yotsegulira sikirini, funsani chifukwa chake. Kusintha galasi, batire kapena potchajira sikufuna kuti alowe m'kati, ndipo ngati akufuna kuyesa, ayese inu muli pomwepo. Zithunzi zimene simungafune kuti apongozi anu azione zisamakhale m'foni. Pogulitsa kapena popatsa m'bale foni yakale, kufufuta zithunzi kokha sikukwanira: tulukani mu akaunti ya Google ndi ya WhatsApp, kenako chitani Factory reset, imene imafufuta zonse za m'foni. Lero lomwe, imbani *#06#, pabwera nambala ya IMEI ya manambala 15, yozindikirira foni yanuyo. Ilembeni m'kope la kunyumba, apolisi adzaifuna foni ikadzabedwa.

Ma app a ngongole zachangu ndi katapila wovala suti. Mukamawaika m'foni amapempha chilolezo choona manambala a anzanu, mameseji ndi zithunzi, ife n'kumangodina Allow osawerenga. Mukachedwa kubweza, ena mwa iwo amalembera abale anu, abusa ndi makasitomala kuti ndinu mbava. App iliyonse muziifunsa ngati mmene mungafunsire mlendo amene akupempha kulowa kuchipinda: tochi ikufuna manambala a anzanga kuti itani? Ma app otumiziridwa pa WhatsApp kapena pa Bluetooth, ngati WhatsApp zija zosinthidwa zimene achinyamata amakonda chifukwa zimaonetsa mameseji ofufutidwa, musaike m'foni imene muli ndalama.

Tibwerere ku foni ya Lachiwiri ija, chifukwa adzaimbanso, kapena adzaimba wina ndi nkhani ina. Lamulo ndi limodzi: dulani, kenako imbani nokha pa nambala imene mukuidziwa kale. Osati imene wakupatsani iyeyo, chifukwa kumeneko kuli mnzake amene akudikira kukhala "dokotala". Sungani m'foni nambala za ahedi, mphunzitsi wa kalasi ndi matroni ngati mwana ali kogonera konko. Akakuuzani kuti musadule, kapena musauze munthu, chimenecho ndicho chizindikiro chenicheni. Khalaninso pansi ndi ana ndi bambo awo mugwirizane liwu limodzi la pabanja, losalembedwa paliponse, loti aliyense wopempha ndalama mwadzidzidzi alitchule. Izi zayamba kufunika kwambiri tsopano pamene makompyuta akutha kutsanzira mawu a munthu atangomva kachidutswa ka zimene analankhula. Ndipo musamakangane naye kathyaliyo kapena kumuonetsa kuti mwamutulukira pomuuza zoona zake, ngati kunena kuti "mwana wanga sali Fomu 2 B, ali A". Mwamukonzera kaundula wake.

Malamulo alipo kumbali yanu. Gawo 21 la malamulo aakulu a dziko lino limapatsa munthu aliyense ufulu wosunga chinsinsi, kuphatikizapo makalata ndi zolankhula pafoni. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security la 2016 limaletsa kulowa m'makina a munthu popanda chilolezo ndi kuzunza kapena kuopseza munthu kudzera pa intaneti. Ndipo mu 2024 linayamba kugwira ntchito lamulo la Data Protection, limene likuti aliyense wosonkhanitsa mbiri za anthu, kaya ndi banki, sukulu, chipatala kapena kampani, atenge zokhazo zimene zikufunika, anene chimene akufuna kuchita nazo, ndipo azisunge mosamala. Limakupatsani mphamvu yofunsa zimene akusunga zokhudza inu ndi kuuza kuti akonze zolakwika, ndipo bungwe loyang'anira lamuloli ndi MACRA. Kunena zoona, lamulo lili patsogolo, chizolowezi chathu chili m'mbuyo. Alonda a pageti ambiri sanamvepo za lamuloli, ndipo mukafunsa kuti nambala yanga mukuifuniranji amakuyang'anani ngati mwatukwana. Funsanibe mwaulemu. M'malo ambiri mukafunsa amangoti "basi lembani dzina lokha".

Pali nthawi zimene simuyenera kulimbana nazo nokha. Ndalama zikachoka inu osadziwa, kapena mwatumiza kale kwa wakuba, imbirani kampani kapena banki ola lomwelo, chifukwa zikangotapidwa kwa ejenti kuzibweza n'kovuta, kenako kanenani kupolisi. Mukalandira uthenga wa ngongole imene simunatenge, pitani ku bungwe lobwereketsalo ndi chitupa ndi lipoti la apolisi, mukapemphe kuona fomu imene inasainidwa. Munthu akamakuopsezani kuti amwaza zithunzi zanu mukapanda kumupatsa ndalama, musalipire, chifukwa wolipira kamodzi amalipira mpaka kalekale. Jambulani mauthengawo pa sikirini, musafufute kanthu, mupite ku Victim Support Unit ya polisi. Mabatire kutha msanga kapena foni kutentha si umboni wakuti mukumvetseredwa, nthawi zambiri ndi ukalamba wa foni. Koma mukaona ma app amene simunaike, mameseji otumizidwa amene simunalembe, kapena munthu akudziwa zimene munalembera munthu mmodzi yekha, pitani nayo kwa wodziwa amene mumamukhulupirira, asunge zithunzi ndi manambala anu, aifufute yonse, ndipo mapasiwedi mukasinthire pa foni ina. Kampani ya mafoni ikapanda kukuthandizani, dandaulo limapita ku MACRA, ndipo la banki limapita ku Reserve Bank of Malawi.

Pa nkhani yanuyi, ngakhale simunabedwe, nambala imene inakuimbirani musaifufute. Ilembeni pamodzi ndi tsiku, nthawi, ndi nambala imene anati mutumizeko ndalama ngati inali ina, mukapereke kukampani ya mafoni ndi kupolisi. Kenako pitani kwa ahedi. Ngati bamboyo anatenga mayina m'gulu la makolo, ndiye kuti ali ndi a kalasi yonse, ndipo mwina mayi wina amene sanakumane ndi mtsikana ngati wa kwa ejenti uja anatumiza kale n'kukhala chete chifukwa cha manyazi. Apempheni achenjeze makolo onse, anene nambala imodzi yokha imene sukulu izigwiritsa ntchito pakagwa zadzidzidzi, oyang'anira gulu asinthe linki yolowera ndi kuchotsa nambala iliyonse imene palibe akuidziwa, ndipo malisiti a fizi azipita kwa abasala okha, osati pagulu.